Pamphanda ya dzino lotafunira

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Taonani dzino la pulasitiki ndanyamulali. Mano akutsogolo ali ndi muzu umodzi. Otafunira aja, apansi amakhala ndi mizu iwiri, apamwamba itatu. Pamene mizuyo imasiyanirana pali ngati mphanda ya mtengo. M'kamwa mukakhala muli bwino, pamphandapo pamadzaza fupa, nkhama n'kuphimba, osaoneka.

Munaonapo mtengo wa m'mbali mwa mtsinje dothi litakokoloka? Mizu ili pamtunda, koma masamba ali biriwiri. Dzino limateronso. Litsiro la m'mano likauma ngati mwala, nkhama zimatupa, potsuka mumalavula magazi, ena mumati chiseyeye. Fupa limayamba kudyeka pang'onopang'ono mpaka pamphanda paja. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti nthawi zambiri dzinolo silipweteka, ndiye munthu amangokhala phee.

Kuchipatala tili ndi kachitsulo kokhota kotchedwa Nabers, kokhala ndi timizere toyezera. Timakalowetsa cham'mbali pakati pa mizu, bwinobwino, musaope. Muyeso womwe timagwiritsa ntchito kwambiri anaukonza madokotala a ku Sweden, Hamp, Nyman ndi Lindhe, mu 1975. Kachitsulo kakalowa osapitirira mamilimita 3, timati gawo loyamba. Mamilimita 3 n'kamtunda kakang'ono, sikafika n'kutalika kwa njere ya mpunga. Apa dzino timalipulumutsa ndithu: timapala litsiro louma lija, inu n'kumatsuka bwino kunyumba.

Kakalowa kupitirira pamenepo koma osatulukira mbali inayo, ndiye gawo lachiwiri. Pakhala kaphanga. Mswachi sufikamo, tizakudya timabisala momwemo, fungo limayamba, pena mafinya. Apa ntchito imakula, ena amafunika opaleshoni ya nkhama, ndipo pafunika kumabwerabwera kuti tiziona.

Gawo lachitatu, kachitsulo kamalowera kutsaya n'kutulukira kulilime. Fupa la pamphanda latha. Dzino lotere lingakhalebe zaka ngati mwiniwake amalisamala ndi kaburashi kakang'ono kolowa pakati pa mizu, koma likayamba kugwedera kwambiri timangolizula. Ndimamva chisoni kuzula dzino lopanda chibowo n'chimodzi chomwe, loyera bwino, chifukwa choti chogwirira chatha.

Abambo osuta fodya, ndikunena ndi inu. Fodya amafulumizitsa kudyeka kwa fupa, ndipo amabisa magazi aja, munthu n'kumati ndili bwino. A matenda a shuga nanunso, shuga akamakwera nkhama zimavutika kuchira.

Amayi uko afunsa za madzi amchere. Kuchukucha kumathandiza kuziziritsa kutupa, koma mwala uja suchoka ndi mchere, umafuna kupala. Choncho amene mumaona magazi pamswachi, kapena nyama imakanirira pamalo amodzimodzi nthawi zonse, musachoke msonkhano ukatha. Tikhala pansi pa mtengo apo, ndikuoneni m'kamwa mmodzimmodzi.