Mawu a m'mawa: Mboni yomwe ili mkati mwathu

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye. Lero tiwerenge limodzi Aroma 2:14-15 ndi Genesis 42:21, amene Baibulo lili pafupi kapena muli nalo mu foni tsegulani muone nokha.

Pa Aroma pamenepo Paulo akunena za anthu a mitundu ina oti malamulo a Mose sanawamvepo olo tsiku limodzi, koma akuti amapezeka akuchita zomwe malamulowo amafuna mwachibadwa chabe, chifukwa ntchito ya lamulo inalembedwa m'mitima mwawo, chikumbumtima chawo chimachitira umboni ndipo maganizo awo pena amawatsutsa pena amawaikira kumbuyo. Kalatayi analemba ali ku Korinto cha m'ma 57, mzinda wodzadza ndi akachisi a mafano, nde anthu amene ankawanenawo ankakumana nawo tsiku ndi tsiku.

Inunso izi mumaziona. Kamwana kakatenga chinthu chomwe sikanapatsidwe kamabisa dzanja kumbuyo maso ali pansi, musanafunse nkomwe kayamba kale kuti si ine. Anakaphunzitsa ndani? Wamkulu naye meseji ikangolowa amatembenuza foni, akayankha nkufufuta msanga msanga, ngati palibe cholakwika akufufutiranji? Ngakhale wakuba weniweni akaberedwa amakwiya nkumati zimenezi si chilungamo, kusonyeza kuti lamulo lija akulidziwa bwinobwino, amangofuna lizigwira ntchito pa anzake basi. Mukawerenga Amosi 1 ndi 2 mupeza Mulungu akuweruza Damasiko, Gaza, Turo, Amoni ndi Moabu, mitundu yoti pa phiri la Sinai panalibe, ndipo sakuwafunsa za Sabata kapena za nsembe ayi, akuwafunsa za nkhanza, kugulitsa anthu ukapolo, kutumbula amayi oyembekezera pa nkhondo. Palibe mwa iwo akanayankha kuti ife sitinkadziwa.

Koma nkhani yomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi ya abale ake a Yosefe. Yosefe anali ndi zaka 17 pomwe anamuponya m'dzenje. Genesis 37:25 akuti atamuponyamo anakhala pansi nkuyamba kudya, tangoganizani, mng'ono wanu ali m'dzenje inu chakudya chikulowa. Kenako anamugulitsa kwa Aismayeli ndi ndalama zasiliva 20, mkanjo wake nkuuviika m'magazi a mbuzi kukaonetsa bambo awo. Malamulo khumi nthawi imeneyo kunalibe, Mose anali asanabadwe, polisi kunalibe, mboni kunalibe, nkhani inatha mwaukhondo ndipo moyo unapitirira.

Yosefe anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30, kenako kunabwera zaka 7 za zokolola zambiri, njala nkuyamba. Mukawerengera mupeza kuti panadutsa zaka zoposa 20. Abale aja apita ku Igupto kukagula chakudya, nduna ya kumeneko, yomwe inali Yosefe yemweyo koma iwo osamuzindikira, ikuwanena kuti ndi akazitape, yawatsekera masiku atatu. Palibe anawafunsa za mwana amene anamugulitsa uja, koma okha anayamba kuuzana kuti zoonadi tinamulakwira mng'ono wathu, tinaona kuwawa kwa mtima wake pomwe ankatichonderera ife osamumvera, nchifukwa chake mavutowa atigwera. Apa pamandigwira mtima kwambiri, chifukwa mu chaputala 37 simunalembedwe kuti Yosefe anachonderera, timazimva koyamba pakamwa pa iwowa patapita zaka zonsezo. Kulira kwa mwana uja anayenda nako, kubusa anali nako, pogona anali nako, pomwe ankaona bambo awo akulira maliro a munthu wamoyo anali nako. Ndipo ankalankhula osadziwa kuti ndunayo ikumva zonse popeza inkalankhula nawo kudzera mwa womasulira. Yosefe anachoka pamaso pawo nkukalira.

M'bale wanga, mlongo wanga, mwina nanunso pali mawu ena ake omwe amabwera usiku magetsi akazima. Ngongole yomwe munangokhala chete mpaka mwini wake anatopa kufunsa, bodza lomwe linamuchotsetsa mnzanu ntchito, mwana yemwe munamukana mukudziwa kuti ndi wanu. Anthu anaiwala, ena mwa iwo anamwalira, koma inu mukukumbukira mpaka zovala zomwe anavala tsiku limenelo. Musathamangire kunena kuti ndi satana akundikumbutsa zakale, nthawi zambiri ndi chifundo cha Mulungu chimenecho, mtima wanu ukadali wamoyo.

Choopsa ndi pomwe mawuwo asiya kumveka. 1 Timoteyo 4:2 akunena za anthu omwe chikumbumtima chawo chinapsa ndi chitsulo chamoto, ndipo amene munapsapo mukudziwa kuti pachipsera chachikulu khungu limauma, mukagwirapo simumva ngati mmene mumamvera pena ponse. Tsiku loyamba kulandira chiphuphu munthu sagona, kachiwiri amadandaula pang'ono, pofika kakhumi akuphunzitsa anzake kachitidwe kake ndipo Lamulungu ali kutsogolo kwenikweni mu tchalitchi akuimba mtima uli phee. Mtendere umenewo ine umandiopsa kuposa kusowa tulo.

Komanso tisanamizane, chikumbumtima chimatha kulakwitsa. Paulo yemweyu pa Machitidwe 26:9 akuti ankaganiza ndithu kuti ayenera kulimbana ndi dzina la Yesu, ankatsekera okhulupirira mu ndende mtima wake ukumuuza kuti akutumikira Mulungu. Nchifukwa chake pa 1 Akorinto 4:4 akuti olo sindikudziwa mlandu uliwonse pa ine, zimenezo sizikundiyesa wolungama, wondiweruza ndi Ambuye. Nde mawu aja timakonda akuti bola mtima wanga sukunditsutsa, paokha sakwanira. Ena mtima umawatsutsa pa tinthu toti Mulungu sanaletse nkomwe, koma kunyoza mkazi wawo pagulu samva kanthu. Martin Luther, mphunzitsi wa Baibulo wa ku Germany, ataimikidwa pa bwalo la milandu mu mzinda wa Worms mu 1521 kuti akane zomwe analemba anati chikumbumtima chake ndi chomangidwa ndi Mawu a Mulungu, ndipo pamenepo ndi pomwe chimayenera kumangidwa, chiziphunzitsidwa ndi Mawu tsiku ndi tsiku, osati ndi zomwe aliyense akuchita.

Chinthu china, mboni imeneyi imadziwa kuloza mlandu koma kutsuka siyitha. Yudasi mtima unamutsutsa zenizeni, anabweza ndalama 30 zija nkunena poyera kuti ndachimwa ndapereka munthu wosalakwa, koma anapita nazo kwa anthu omwe anamuyankha kuti ife zikutikhudza chiyani, udzionere wekha, ndipo mukudziwa mmene zinathera. Ahebri 9:14 akuti magazi a Khristu ndi omwe amayeretsa chikumbumtima kuti titumikire Mulungu wamoyo. Kumeneko nkomwe mlandu wanu ukuyenera kupita, ndipo mukachoka kumeneko pitani kwa amene munamulakwira ngati akadalipo.

Ndilankhulenso ndi inu amene munalapa kale koma mtima ukukuimbanibe mlandu. Yakobo, bambo ake a Yosefe, anakhala ku Igupto zaka 17, nthawi yonseyo Yosefe akuwasamalira abale ake aja, koma bambo atangomwalira iwo anayambanso kuopa kuti tsopano atibwezera, mpaka kutumiza uthenga wopempha chikhululukiro chomwe anali atalandira kale. Genesis 50:17 akuti Yosefe atamva analira. Alipo ambiri otere, Mulungu anawakhululukira koma iwo m'mawa uliwonse amatsegulanso mlandu womwewo. Werengani 1 Yohane 3:20, akuti mtima wathu ukatitsutsa Mulungu ndi wamkulu kuposa mtima wathu ndipo amadziwa zonse.

Tipemphere. Atate, pomwe tauma tifewetseni, pomwe tikudziimba mlandu womwe Yesu analipira kale tipumitseni. Amene akufunika kuimba foni lero kupepesa, amene akufunika kubweza cha mwini, apatseni mphamvu achite lero lomwe asanayambenso kuzengereza. M'dzina la Yesu, amen.

Tsiku labwino nonse.