Firewall yoletsa zotuluka, ikadali ndi ntchito kapena ndi zamakedzana?

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Lero tikujambulira kuno ku Chitakale, chiperoni chatipanikiza chiyambire m'mawa moti phiri silikuoneka n'komwe, ndiye mukamamva mvula pa malata musadabwe ayi.

Nkhani yathu ndi ya firewall, koma osati firewall iliyonse, ndikunena ija yoyang'ana zotuluka mu foni kapena mu kompyuta mwanu. Ena amati izi n'zakale, zinatha limodzi ndi ma CD. Ena amati ukangoika basi palibe angakuone pa intaneti. Onsewa akulakwitsa, koma achiwiriwa ndi amene akulakwitsa moopsa.

Tiyambe ndi chinthucho. Amene munagwirako ku esiteti ya tiyi, kaya kuno ku Mulanje kaya ku Thyolo, mukudziwa kuti mlonda wa pageti ali ndi ntchito ziwiri. Amaona olowa, kuti iwe ndani ukufuna chani. Koma madzulo poweruka amaonanso otuluka, m'thumbamo mwanyamula chani, pa njingapo mwamanga chani. Firewall ndi mlonda ameneyo. Ndiye vuto lili apa, mlonda amene amabwera kale mu Windows amalimbikira mbali imodzi, ya olowa. Otuluka amangowakweza dzanja kuti pitani bwino. Luso loletsa zotuluka lilimo ndithu kuyambira pa Windows Vista, koma Microsoft inasiya geti lotulukira lili pululu pokhapokha inuyo mukalowe mkati mukalembe malamulo nokha, ndipo ndani amachita zimenezo?

Chifukwa chake chilipo. Mu Ogasiti 2003 kunabuka kachilombo ka pa kompyuta kotchedwa Blaster, kamene kamalowa kokha ukangolumikiza intaneti, osadina chilichonse, kompyuta n'kumangozima n'kuyakanso. Mantha onse nthawi imeneyo anali pa zolowa, ndiye mu 2004 Windows XP Service Pack 2 inabwera ndi firewall yoyatsa kale. Mbali imeneyo masiku ano siivutanso kwambiri. Koma zaka zomwezo kunalinso anthu amene amafunsa kuti nanga wakuba akakhala kuti ali kale m'nyumba? Ndi pamene firewall yotchedwa ZoneAlarm inatchuka pa Windows, ndipo pa Mac kunabwera Little Snitch mu 2003, yopangidwa ndi kampani ya ku Vienna, Austria. Ntchito ya ziwirizi inali imodzi, pulogalamu ikafuna kuyankhula ndi kunja kabokosi kamatulukira pa sikirini kukufunsa, ndilole kapena ndikanize?

Nanga ife a mafoni zikutikhudza bwanji, poti ambiri kuno laputopu tilibe?

[Kamera iyandikire foni]

Taonani apa. App ikafuna kamera, Android imakufunsani. Ikafuna kudziwa pamene muli imakufunsani, ikafuna manambala a anthu imakufunsaninso. Koma munafunsidwapo kuti app iyi ikufuna intaneti, mukulola? Simunafunsidwepo, chifukwa chilolezo cha intaneti chimangoperekedwa pompo mukamaika app. Ndiye tochi, kakyuleta, kagemu kamene mwana anakalandira pa Xender kwa mnzake, ka app kosewerera nyimbo za mu memore, zonsezo zikhoza kutuluka panja nthawi iliyonse olo foni ili m'thumba.

Ndipo si nthano. Mu 2013 bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linagwira kampani ina yopanga app ya tochi yotchedwa Brightest Flashlight, imene anthu mamiliyoni anaika m'mafoni mwawo. Tochi chabe, koma imatumiza malo amene munthu ali komanso nambala yozindikiritsa foni yake kwa amalonda otsatsa, osamuuza mwini wake bwinobwino. Ina yapafupi ndi ife, mu 2020 akatswiri a Secure-D anapeza kuti mafoni ena a Tecno W2 ogulitsidwa m'maiko ngati Ethiopia, Ghana ndi South Africa anali ndi tizilombo totchedwa Triada ndi xHelper kuchokera mu katoni momwe, timene timayesa kulembetsa anthu ku ma sevisi olipira mwakachetechete uku tikudya data. Eni kampani ya Tecno anati vutolo linalowera kwa wina amene amawagulitsa zipangizo ndipo anatulutsa chokonzera. Sindikunena kuti Tecno yanuyo ili ndi vuto ayi, iyo inali modelo imodzi yakale, ndikungofuna muone kuti zotuluka mwakabisira zimachitikadi.

Pa zinthu ngati tochi ija, firewall ya zotuluka imagwira ntchito bwino kwabasi. Tochi ilibe chifukwa chopitira pa intaneti, ukaitsekera geti imawalabe chimodzimodzi, zotsatsa zija zimasowa, ndipo chilichonse inatola chimangokhala momwemo. Kwa ife kuno palinso phindu lina limene mzungu wa WiFi yopanda malire saliganizira n'komwe, bandulo. Mwagula ya tsiku limodzi pa Airtel kapena TNM kuti mutumize zithunzi za katundu kwa kasitomala ku Limbe, musanayambe n'komwe ma app khumi adzuka kale kumbuyo aliyense akujomphola pang'ono. Ine ndinganene kuti kwa Mmalawi wamba phindu loyamba looneka ndi maso ndi limeneli, zachinsinsi zimabwera pambuyo.

Tsopano mbali imene ogulitsa mapulogalamu amenewa sakonda kuitchula.

Nthawi ya ZoneAlarm pulogalamu iliyonse inali payokha. Lero moyo wathu wonse uli mu ma app ochepa, Chrome, Facebook, WhatsApp, TikTok, ndipo onsewo simungawatsekere chifukwa opanda intaneti ndi zikhungwa chabe. Ndiye mumawalola. Mukalola Chrome mwalola tsamba lililonse limene mutsegule, pamodzi ndi tonse totsata anthu tobisika m'tsambamo. Kwa mlonda uja zili ngati lole ya kampani ikutuluka yotseka ndi loko, mapepala ali bwinobwino, iye amangotsegula geti, za mkatimo sakuzidziwa. Pafupifupi zonse masiku ano zimadutsa pa HTTPS, pa doko nambala 443, zitabisidwa. Kubisako n'kwabwino, ndi kumene kumateteza pasiwedi yanu, koma kukutanthauzanso kuti firewall imangoona kuti app yakuti yayankhula ndi seva yakuti, osati zimene yanena.

Ndiye seva yakutiyo ndi ya ndani? Apa ndiye mutu umazungulira, chifukwa makampani ambirimbiri amachita lendi makompyuta kwa Amazon, Google, Microsoft kapena kudutsira ku Cloudflare, moti banki yanu ndi kampani yotsatsa malonda akhoza kukhala pa malo amodzi. Kabokosi kakakufunsani kuti mulole amazonaws, lomwe ndi dzina la ma seva a Amazon, kapena ayi, muyankha chani? Mukakaniza, theka la zinthu lasiya kuyenda. Mukalola, simukudziwa mwalola ndani. Pa Windows ndiye kuli svchost.exe, imene imanyamula ntchito zambiri za Windows yeniyeniyo, imafunsa mobwerezabwereza mpaka munthu umatopa n'kumangodina kuti lolani lolani osawerenga, ndipo ukafika pamenepo firewall ija yangosanduka chokongoletsa.

Komanso eni makinawo nthawi zina amadzisiyira kakhomo kawo. Mu 2020 Apple itatulutsa macOS Big Sur, akatswiri, mmodzi wa iwo Patrick Wardle amene amapanga firewall yaulere ya LuLu, anaonetsa kuti ma app ena a Apple yomwe amadutsa osaonedwa ndi Little Snitch kapena LuLu. Anthu atachita phokoso Apple inachotsa zimenezo kumayambiriro kwa 2021. Zinakonzedwa inde, koma zikutiphunzitsa kuti firewall imaona zokhazo zimene mwini sisitimu wailola kuona.

Ndipo tisanamizane, mavuto ambiri amene amatigwera kuno sadutsa n'komwe pa geti limeneli. Uja amaimba foni kuti ndine wa ku kampani mwawina, tandiuzeni PIN, firewall singamuletse. Uthenga wa SMS suyenda pa intaneti. Mukaimba *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba, imeneyo ndi USSD, firewall siiona. Ma app okongoza ndalama akatapila aja mumawapatsa nokha manambala a abale anu, ndipo kuti mulandire ngongoleyo muyenera kuwalola pa intaneti, basi zapita. GB WhatsApp chimodzimodzi, mwaika nokha, mwailola nokha, mauthenga anu onse akudutsa m'manja mwa munthu amene simukumudziwa dzina.

Ndiye tiike kapena tisaike? Ine ndimati ikani, koma muzidziwa chimene mwaikira.

[Sikirini ya foni ionekere yonse]

Pa Android imene ndikuonetsa apayi ndi NetGuard. Ndi yaulere pa zofunikira zonse, khodi yake ili poyera aliyense akhoza kuifufuza, ndipo siifuna kuti foni ikhale ya root, kutanthauza yothyoledwa maloko a sisitimu yake. Mukaiyatsa ikupemphani chilolezo cha VPN, musaope, si VPN yopita kunja ayi, ndi njira yokhayo imene Android imalola kuti app igwire zotuluka zonse, ndipo zonse zimathera mu foni momwemu. Mudzaona kakiyi kakang'ono pamwamba apa. Kenako mndandanda wa ma app, iliyonse ili ndi tizizindikiro tiwiri, ka WiFi ndi ka data ya pa simu. Mukadina, mwatseka. Ndiye tiyeni, tochi tseka zonse, kakyuleta tseka, magemu a ana awa tseka, sikana ya mapepala iyi tseka, chosewerera mavidiyo tseka. Palinso kabokosi kakuti app izingololedwa sikirini ikakhala yoyaka, kameneka ndimakakonda pa Facebook, ukaika foni m'thumba nayo imagona.

Koma pali zina zoti musazikhudze. App ya banki, ya Airtel Money, ya Mpamba, zisiyeni. Google Play services musaitseke mwachisawawa, mauthenga a ma app ambiri amadutsira pamenepo ndipo mudzangodabwa foni ili zii tsiku lonse kenako mauthenga akukhuthuka nthawi imodzi. Ndipo zindikirani kuti imeneyi ndi mphako inanso, chifukwa zina zimene app ikufuna kutumiza zikhoza kudutsira mwa Google yemweyo amene mwamulola. Chinthu china, Android imalola VPN imodzi yokha pa nthawi, ndiye ngati muli ndi VPN ina ya kuntchito, mukayatsa ya kuntchitoyo NetGuard imazima. Ilipo ina yotchedwa Rethink imene imaphatikiza firewall ndi kusefa maina a ma seva, ili ndi mabatani ambiri, ndi ya anthu okonda kutokosa.

Apa ndichenjeze kwambiri, musangolemba firewall pa Play Store n'kutenga yoyamba kuoneka. Chilolezo cha VPN chija ndi chachikulu, amene mwamupatsa amaona kulikonse kumene foni yanu ikupita. Facebook inagula kampani ya Onavo mu 2013, imene inali ndi app yaulere yolonjeza chitetezo, pamene kumbuyo imathandiza Facebook kudziwa ma app amene anthu akugwiritsa ntchito. Inachotsedwa mu App Store ya Apple mu 2018, n'kutsekedwa mu 2019. Ndiye ka firewall kaulere kodzadza ndi zotsatsa, kopanda mwini wodziwika, ine ayi.

Nanga lole yotseka ija, Chrome ndi anzake? Imeneyo imafuna mankhwala ena. Ikani Firefox, yotsegulira masamba ngati Chrome, muonjezere uBlock Origin yotchinga zotsatsa ndi totsata anthu tija, chifukwa iyoyo imakhala mkati mwa tsamba momwe ndipo imaona zimene firewall singaone. Kuyambira pa Android 9 mulinso Private DNS mu ma settings, mukalembamo adiresi ya kampani ya AdGuard imatchinga maina ambiri a otsatsa pa foni yonse popanda kuika app ina. Ndipo lowani mu zilolezo muone ndani ali ndi manambala, maikolofoni ndi malo amene muli, chimene app sinatole singachitumize.

A iPhone, inu firewall yeniyeni ngati iyi mulibe. Mungathe kuzimitsa data ya pa simu pa app iliyonse payokha, ndipo kuyambira pa iOS 15.2 muli App Privacy Report imene imakuonetsani kumene app iliyonse yakhala ikuyankhula, koma kuonetsa chabe.

Pa laputopu ya Windows ma firewall otere ndi simplewall ndi Portmaster, pa Linux pali OpenSnitch. Anyamata oika nyimbo m'mamemore ku Limbuli ndi ku Luchenza ambiri firewall amaidziwa kale, kungoti amaigwiritsa ntchito potsekera mapulogalamu okiraka kuti asakadzinenere kwa eni ake, hahaha tisabisane. Koma achimwene, kiraki ija munaitsegula ndi mphamvu za administrator, ndiye ngati munali kachilombo kali ndi mphamvu zokwanira kuzimitsa firewall yomweyo kapena kudzilembera chilolezo chokha.

Ndipo ngati vuto lanu pa laputopu ndi bandulo basi, kuti mukangolumikiza hotspot Windows yayamba kudawuniloda zake, simukufunika kuika chilichonse. Lowani mu Settings, Network, dinani dzina la hotspot yanuyo, muyatse pamene alemba Metered connection. Ndikuonetseni pa laputopu iyi, dikirani pang'ono ndiyatse hotspot kaye.