Vidiyo ikuchedwa kuenkoda? Ichepetsereni ntchito kompyutayo

Eya achimwene, ndamva uthenga wanu uja woti vidiyo yaifupifupi ikudya ola lathunthu, fani ya laputopu kumangolira osapuma. Nde mvetserani apa. Chimene chimadya nthawi kwambiri ndi kusakasaka. Enkoda, pulogalamu imene imapanikiza vidiyo kuti fayilo ichepe, sisunga chithunzi chilichonse chathunthu ayi, imaduladula fulemu m'timabokosi, mu H.264, yomwe ndi njira imodzi yopanikizira vidiyo, timakhala ta mapikiselo 16 kwa 16, kenako nkumafufuza kuti kabokosi aka kanali pati mu fulemu yapita ija, kasunthira kuti, kuti ingolemba kusiyanako basi. Ikamafufuza patali komanso m'mafulemu ambirimbiri, nthawi nayo ikupita eti.

Nde choyamba ndi preset, posankhira liwiro la enkoda. Ngati muli pa pulogalamu ya FFmpeg, x264, enkoda ya H.264, ikangosiyidwa imayenda pa medium, inu lembani -preset veryfast, pa pulogalamu ya HandBrake ndi kokoka kaja ka Encoder Preset pansi pa Video. Mukatero mwaiuza kuti isasake kwambiri, imalize msanga. Fayilo ikhoza kukula pang'ono, zimenezo vomerani, koma maso anu sawona kusiyana kwenikweni bola CRF, nambala yolamulira kuoneka bwino kwa vidiyo, muisiye pa 23 pomwepo, musaikhudze. Preset ya ultrafast ine sindiikonda, imazimitsa zinthu zambiri zothandiza ndipo fayilo imatupa zedi. Placebo, preset yochedwetsetsa, nayo musayerekeze, mungodikira usiku onse phindu lake losaoneka.

Kenako dzifunseni kuti vidiyoyi aionera pati. Ngati ndi pa foni, 4K ya chani? 4K ili ndi mapikiselo kuchulukitsa kanayi a 1080p, ndipo 720p safika ndi theka lomwe la 1080p, nde mukatsitsa pamenepo ntchito yatsika yokha. Chimodzimodzi 60 fps, kutanthauza mafulemu 60 pa sekondi, ngati si mpira kapena gemu ikani 30, mafulemu achepa ndi theka.

Njira zina monga H.265 ndi AV1 zimapanikiza bwino inde koma zimalemera pa purosesa, mukakhala pa changu khalani pa H.264. Ndipo taonani ngati makina anu ali ndi khadi ya Nvidia musankhe NVENC, akakhala a Intel pali Quick Sync, pamenepo ntchito imachoka pa purosesa kupita ku chipu chopangidwira zomwezi.

Aa ndikanaiwala, ngati mukungodula koyambirira kapena kumapeto musaenkodenso nkomwe, pa FFmpeg lembani -c copy, masekondi ochepa zatha, kungoti imadulira pa keyframe, fulemu yosungidwa yathunthu, nde mwina siifika ndendende pomwe mumafuna. Yesani kaye ka miniti imodzi mundiuze zatenga nthawi yaitali bwanji.