Chimene chinachotsa asilikali a America ku Vietnam

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Funso la lero ndi ili: dziko lamphamvu ngati America, la ndege ndi mabomba osawerengeka, linasiya bwanji nkhondo m'dziko la alimi a mpunga lisanapambane?

Nthawi imeneyo dziko la Vietnam linali logawika pawiri, kumpoto ndi kumwera, ndipo America inali kumbali ya a kumwera. Asilikali ake oyamba opita kukamenyana anafika mu mzinda wa Da Nang mu Malichi 1965. Pofika 1969 anali atapitirira 540,000. Nthawi yonseyi boma la America linkauza anthu ake kuti zinthu zikuyenda bwino, adani atopa, nkhondo yatsala pang'ono kutha. Ndiye kumapeto kwa Januwale 1968, pa chikondwerero cha chaka chatsopano chimene eni ake amati Tet, asilikali a kumpoto pamodzi ndi a Viet Cong, omenya nkhondo a kumwera amene anali kumbali ya a kumpoto, anaukira mizinda ndi matauni oposa 100 nthawi imodzi. Ena analowa mpaka mu mpanda wa ofesi ya kazembe wa America ku Saigon, likulu la kumwera.

Mumvetse bwino apa. Pa nkhondo ya Tet a Viet Cong anafa ochuluka zedi, ndipo mizinda ija inalandidwanso. Koma mayi amene mwana wake ali kunkhondo, akuonera zonsezi pa wailesi yakanema madzulo, anadzifunsa kuti, kodi si anthu omwewa munkati atha mphamvu? Chikhulupiriro chinathera pamenepo. Pa 31 Malichi chaka chomwecho, Pulezidenti Lyndon Johnson analengeza kuti sadzaimanso pa chisankho.

China chimene chinkawawa ndi mmene anyamata ankatengedwera. Usilikali unali wokakamiza, kalata ikangofika upite basi. Koma amene anali ku koleji ankaloledwa kudikira, motero mtolo wolemera unagwera ana a anthu osauka. Katswiri wa nkhonya Muhammad Ali anakana kupita mu 1967, ndipo anamulanda lamba wake. Chaka chomwecho mbusa Martin Luther King anadzudzula nkhondoyi poyera m'tchalitchi ku New York, ponena kuti ndalama zoyenera kuthandiza osauka zikuthera ku mabomba. Maliro nawo sankaleka. Mu 1968 mokha asilikali a America oposa 16,000 anafa. Inu amene munaikapo mwana m'manda mukudziwa kuti zikatero mawu a andale sakomanso m'khutu.

Kenako zobisika zinayamba kutuluka. Mu Novembala 1969 anthu anamva za mudzi wa My Lai, kumene asilikali a America anapha anthu wamba mazanamazana, amayi, ana ndi okalamba. Nkhaniyi inakhala itabisidwa kwa nthawi yoposa chaka. Ine imandiwawa mpaka lero, chifukwa anthu amenewo analibe mfuti. Mu 1971 nyuzipepala ya New York Times inasindikiza zikalata zachinsinsi za unduna wa zachitetezo, zimene Daniel Ellsberg, yemwe anagwirapo ntchito mu undunawo, anatulutsa. Zinaonetsa kuti atsogoleri ankakayika za nkhondoyi m'maofesi mwawo pamene pagulu ankalonjeza kupambana.

Pulezidenti Richard Nixon atalowa m'boma mu 1969 anayamba kubweza asilikali pang'onopang'ono, kuti a kumwera kwa Vietnam azimenya okha. Koma mu Epulo 1970 anatumiza asilikali ku Cambodia, dziko loyandikana ndi Vietnam, ndipo ophunzira anakwiya m'dziko lonse la America. Pa 4 Meyi, pa yunivesite ya Kent State, asilikali a boma anawombera ndi kupha ophunzira anayi. Taganizani, nkhondo yakutali yafika pokhetsa magazi a ana pasukulu kwawo komwe. Ngakhale asilikali ena amene anabwerako ku Vietnam anayenda nawo m'zionetsero, ndipo mu 1971 ena anataya mamendulo awo pa nyumba ya malamulo ku Washington. Munthu amene anaiona nkhondo ndi maso ake akati yakwana, ndani angamutche wamantha?

Pangano losiya kumenyana linasainidwa ku Paris pa 27 Januwale 1973, ndipo asilikali otsiriza a America omenya nkhondo anachoka mu Malichi. Nyumba ya malamulo inaletsa ndalama zopitirizira kuponya mabomba. Pa 30 Epulo 1975 mzinda wa Saigon unagwa m'manja mwa a kumpoto, anthu akuthawa pa ndege za helikoputala. America inataya anthu oposa 58,000. A ku Vietnam amene anafa, asilikali ndi anthu wamba, anapitirira miliyoni imodzi kutalitali.

Amfumu, ndiimire pamenepa kuti amene ali ndi mafunso afunse.