Makalata a Omvera: Kodi Amalawi ndife anthu osasangalala?

Moni nonse omvera, kulikonse kumene muli. Sabata yatha ndinangotchula pang'ono za lipoti la World Happiness Report, lija limasanja mayiko potengera mmene eni ake akuuonera moyo wawo, ndipo ndinanena kuti Malawi amapezeka kumchira. Ndinaputa mavu pamenepo. Makalata ndi mauthenga a pa WhatsApp afika ochuluka, moti lero ndiwerenga atatu okha.

Yoyamba yachokera kwa bambo ena a ku Area 25, mphunzitsi wopuma pantchito. Alemba motere:

"Akulu, zimene munanena zija zandiwawa. Dziko lathu limatchedwa Warm Heart of Africa. Nkhondo yapachiweniweni sitinaionepo. Pamaliro timasonkhana mudzi wonse, paukwati timavina mpaka fumbi koboo, mlendo akafika timamuphera nkhuku ngakhale ili yokhayo m'khola. Ndiye anthu akunja azitiuza kuti sitisangalala? Anafunsa ndani? Ine ndakula mpaka kumera imvi, palibe anabwera kudzandifunsa. Kapena anangowerenga ndalama zathu n'kugamula kuti wosauka sangasangalale?"

Bambo, zikomo, ndipo kuwawa kwanuko ndikukumva chifukwa nanenso ndinakumva tsiku loyamba. Koma tiyeni tione mmene nambalayi imapezekera. Lipotili linayamba kutuluka mu 2012. Bungwe la Gallup ndi limene limayenda kufunsa anthu, pafupifupi 1,000 m'dziko lililonse chaka chilichonse, ndipo mayankho a zaka zitatu amawaphatikiza. Mwina mukuti 1,000 ndi ochepa. Mayi akamaona ngati nyemba zapsa safinya mphika wonse. Amatakasa bwino, n'kutapa ziwiri zitatu. Chofunika n'chakuti atakase, ndiko kuti ofunsidwawo asankhidwe mwachisawawa, akumudzi ndi am'tauni, amayi ndi abambo omwe.

Funso lake ndi limodzi, ndipo analikonza katswiri wina wa ku America, Hadley Cantril, m'zaka za m'ma 1960. Amati: yerekezani makwerero okhala ndi masitepe kuyambira 0 mpaka 10. Pamwamba ndi moyo wabwino kwambiri umene mungakhale nawo, pansi ndi moyo woipitsitsa. Inu mwaima pa sitepe iti lero? Basi. Malo a dziko pa mndandanda amachokera pa yankho limeneli. Za chuma, thanzi, ufulu, katangale, kupatsa ndi kukhala ndi wodalira pa mavuto amazigwiritsa ntchito pambuyo, pofuna kufotokoza chifukwa chimene anthuwo ayankhira motero. Finland yakhala ikutsogola kuyambira 2018, anthu ake amadziika pamwamba pa 7. Mu lipoti la 2025 Malawi anali pa nambala 144 mwa mayiko 147, kungopitirira pang'ono pa sitepe 3, ndipo Afghanistan ndiye anali wotsiriza. Choncho, bambo, amene anatiika pamenepo si mzungu. Ndi Amalawi anzathu, ndi pakamwa pawo.

Lachitatu ndinapita nalo funsoli kumsika wa Tsoka. Ndinafunsa mayi amene ndimagulako tomato, amene sindinawaonepo atakwinya nkhope. Anaseka mpaka kugwira mutu, n'kupukuta manja m'chitenje, kenako anati, "Ikani pa 3." Ndinati, mayi, inu oseka chonchi? Anayamba kuwerenga ndi zala: fizi ya mwana wa Fomu 2 sanamalize, eni nyumba akweza lendi, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mpamba wawo sunabwererepo. Atamaliza anandiwonjezera tomato awiri m'jumbo, n'kundiuza kuti ndikapereke moni kunyumba.

Mayi amenewa ndi Warm Heart imene mukunena, bambo, ndipo 3 yawo si bodza. Ofufuza amasiyanitsa zinthu ziwirizi. Pali kuuyeza moyo wako wonse, ndipo pali mmene unamvera dzulo: kodi unaseka, unada nkhawa, anthu anakulemekeza? Gallup amafunsanso mafunso achiwiriwa, ndipo pa iwowa mayiko osauka ndi olemera satalikirana kwambiri ngati mmene amachitira pa makwerero aja. Ife tinaleredwa kuyankha kuti "ndili bwino, kaya inu" ngakhale mwana atagonekedwa kuchipatala. Umenewo ndi ulemu, ndipo ndi wabwino. Chimene ndimaopa n'chakuti tingamabise njala ndi ngongole za anthu kuseri kwa kumwetulira kwawo, atsogoleri n'kumati anthu anga ali bwinobwino.

Pamfundo imodzi muli ndi anzanu pakati pa akatswiri omwewo. Ena amadandaula kuti makwerero amayeza moyo ngati mpikisano wokwera, pamene anthu ambiri padziko amafuna mtendere wamumtima ndi kukhala bwino ndi anzawo. Lipoti la 2022 linali ndi mutu wonse wokamba zimenezi.

Uthenga wachiwiri ndi waufupi, wachokera kwa mnyamata wa kabaza ku Chinsapo:

"Adha, kutchalitchi amati ndalama sizigula chimwemwe. Koma ine tsiku limene ndakwanitsa ya bwana wa njinga n'kutsala ndi yogulira ufa ndi kapenta, ndimagona ngati mwana. Tsiku lopanda makasitomala ndimakangana ndi aliyense. Ndine wochimwa kapena?"

Achimwene, simunachimwe. Mawu akuti ndalama sizigula chimwemwe amakoma kunena munthu utakhuta. Mu 2010 ofufuza Daniel Kahneman ndi Angus Deaton anapeza kuti ku America chisangalalo cha tsiku ndi tsiku chimakwera ndi malipiro mpaka pafupifupi madola 75,000 pachaka, kenako n'kuima. Mu 2021 wofufuza wina, Matthew Killingsworth, anatsutsa, anati chimapitirirabe kukwera. Koma onse atatu sanakanganepo za munthu wapansi: kwa iye ndalama iliyonse yowonjezera imachotsa mtolo pamtima.

Umboni wake tili nawo konkuno. Ku Zomba, mu 2008 ndi 2009, ofufuza Sarah Baird, Jacobus de Hoop ndi Berk Özler anatsata atsikana amene mabanja awo ankalandira kangachepe mwezi ndi mwezi. Kuvutika maganizo kunachepa pakati pa atsikana a pasukuluwo, ndipo thandizolo litatha kusinthako kunazimiririkanso. Pulogalamu ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, anaiyeza ku Salima ndi ku Mangochi poyerekeza midzi yolandira ndi yosalandira, ndipo osamalira mabanja m'midzi yolandira anayamba kuuona bwino moyo wawo ndi tsogolo lomwe. Pamene abusa anu akulondola ndi apa: munthu amazolowera msanga chimene wapeza, ndipo amadziyeza ndi mnzake. Katswiri wa zachuma Richard Easterlin anaona mu 1974 kuti America inalemera kwa zaka zambiri koma anthu ake sanawonjezere kusangalala mofanana ndi chumacho. Mukadzagula njinga yanuyanu mudzakondwa ndithu, koma pakatha miyezi maso adzayamba kugwera pa Sienta ya mnzanu. Zimenezo zisakuletseni kuisakira njingayo.

Kalata yachitatu ndinaiwerenga kawiri ndisanabwere nayo kuno. Yachokera kwa mayi ena a ku Area 47:

"Bambo, ine za ndalama sindidandaula. Ana anga awiri ali ku Johannesburg, wina ali ku London, ndipo amatumiza mwezi uliwonse. Nyumba ndi ya mpanda, madzi ndi magetsi zilipo. Amuna anga anatisiya zaka zinayi zapitazo. Ndimaphika nsima ya munthu mmodzi, mitanda iwiri, ndipo nthawi zina ndimangoivundikira n'kukagona. Ndikadandaula, abale amati mukusowanji inu, thokozani Mulungu. Ndimathokoza. Koma pa makwerero anu aja sindikudziwa pamene ndingadziike. Kodi akafukufukuwo amati chiyani za munthu ngati ine?"

Mayi, pepani, ndipo zikomo polimba mtima kulemba. Amanena zambiri za inu. Kafukufuku wina wautali kwambiri pa nkhaniyi anayamba mu 1938 ku yunivesite ya Harvard. Anatenga ophunzira 268 a pasukuluyo, pambuyo pake n'kuphatikiza anyamata 456 ochokera m'madera osauka a mzinda wa Boston, onse pamodzi 724. Anawatsata moyo wawo wonse, kuwafunsa mafunso, kuwayeza magazi, kucheza ndi akazi awo, ndipo tsopano akutsata ana awo. Robert Waldinger, amene akutsogolera ntchitoyi, amafotokoza kuti mmene munthu ankakhutirira ndi maubale ake ali ndi zaka 50 zinkalosera bwino thanzi lake pa zaka 80 kuposa kuchuluka kwa mafuta m'magazi ake. Anthuwo anali amuna okhaokha, azungu a ku America, choncho sitingangotenga zonse n'kuziika pa Lilongwe. Komabe makolo athu analinena kale: kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Za mitanda iwiri ija zandikhudza chifukwa lipoti la 2025 lomwe lija linafufuzanso za kudyera limodzi. Linapeza kuti anthu amene amadya ndi anzawo kawirikawiri amauona bwino moyo wawo kuposa odya okha, ndipo dziko limene linatsogola pa kudyera limodzi linali Senegal, kuno ku Africa. Ife tinakulira pa chidyerano, ana asanu kuzungulira mbale imodzi, madzi osamba m'manja kuyambira kwa wamkulu. M'tauni muno tamanga mipanda ya njerwa yotalika, pamwamba n'kuikapo mabotolo oswa, ndipo wakuba tamutsekera kunja pamodzi ndi mnansi yemwe. Ndinakhalapo zaka zitatu pa nyumba ina osadziwa dzina la mayi a kuseri kwa khoma, mpaka tsiku limene ndinaona tenti ya maliro pageti pawo. Zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Abale anu akamati mukusowanji, sakuona kuti kusungulumwa ndi kusowa ndithu, ngati kusowa ufa. Ku Zimbabwe dokotala wa matenda amaganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa njira yotchedwa Friendship Bench. Agogo aakazi amaphunzitsidwa kumvetsera ndi kuthandiza munthu kumasula mavuto ake limodzi ndi limodzi, atakhala pa benchi panja pa chipatala. Zotsatira zimene anatulutsa mu 2016 zinaonetsa kuti odwala nkhawa amene anacheza ndi agogowa anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Vutoli kumeneko amalitcha kufungisisa, kwathu kuno timati kuganiza kwambiri.

Ndiye ndikupempheni ziwiri, mayi. Ngati tulo ndi chilakolako cha chakudya zakhala zikusowa kwa masabata angapo, musadikire. Pitani kuchipatala mukafotokoze monga mwandifotokozera ine, kapena ku St John of God ku Area 43 kumene kuli alangizi a zamaganizo. Chachiwiri ndi chaching'ono. Kumpingo kwanu kapena mumsewu mwanu muli mayi wina amene nayenso akuvundikira nsima yake. Muitaneni Lachinayi likubwerali, mumuuze abwere ndi ndiwo zilizonse zimene ali nazo, inu muphike mitanda inayi. Ana anunso auzeni zoona akaimba foni, chifukwa iwo akuganiza kuti ndalama ija yakwanira.

Mudzatilemberenso pakatha mwezi, mudzatiuze mmene zayendera, ndipo kalata yanuyo ndidzayamba nayo. Makalata otsala, kuphatikizapo ya bambo a ku Likuni amene akufunsa za dziko la Bhutan, tidzawerenga sabata yamawa. Tsalani bwino.