Mawu a ku Famu: mzere wa pa mapu ndi masekondi 15

Moni abale kumudzi, moninso anzanga omwazikana m'mafamu muno mu Israel, inu mukumvera foni ili m'thumba manja ali pa tsabola. Funso labwera kambirimbiri sabata ino ndi lakuti mkangano wa Aisraeli ndi Apalestina umamukhudza bwanji munthu wongobwera kudzalima. Umamukhudza kwambiri, ndipo kukula kwake kumatengera pamene famu yake ili.

Ntchito tikugwirayi inali ndi eni ake. Pasanafike pa 7 Okutobala 2023, Apalestina oposa 100,000 a ku West Bank ankalowa muno ndi zitupa kudzamanga nyumba ndi kulima, ndipo Athai anali pafupifupi 30,000. Tsiku limenelo gulu la zida la ku Gaza lotchedwa Hamas linapha anthu pafupifupi 1,200 ndi kugwira ena pafupifupi 250, ndipo pakati pawo panali Athai ndi ophunzira zaulimi awiri a ku Tanzania. Zitupa za Apalestina zinaimitsidwa, Athai ambiri anabwerera kwawo, zipatso zinayamba kuolera m'minda. Ndege yoyamba ya Amalawi 221 inanyamuka mu Novembala chaka chomwecho. Ndiye mukakumana ndi mnzanu wolankhula Chiarabu n'kuona kuti nkhope sinamasuke, musafulumire kuweruza. Mwina mbale wake wakhala miyezi osalandira kanthu, mwinanso ali ndi maliro ku Gaza, komwe kwafa anthu zikwi makumimakumi.

Tsopano tsegulani mapu pafoni. Pali mzere wodukizaduka wozungulira West Bank, umene amautcha Green Line. Unajambulidwa mu 1949 itatha nkhondo imene Aisraeli amati ya ufulu wawo, Apalestina amati Nakba, kutanthauza tsoka, chifukwa anthu awo pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa. Mu 1967 Israel inawoloka mzerewo n'kulanda West Bank, East Jerusalem ndi Gaza. Pangano la Oslo la 1995 linagawa West Bank patatu. Area A, kachigawo ka mizinda ngati Ramallah, Nablus ndi Jericho, amayang'anira ndi boma la Apalestina. Area B Aisraeli ndi Apalestina amagawana ulamuliro. Area C, pafupifupi magawo 60 pa 100 aliwonse, ili m'manja mwa Israel, ndipo muli midzi ya Aisraeli, minda yambiri komanso zitsime. Kugawaku kunali kwa zaka zisanu zokha, podikira pangano lomaliza. Mpaka lero silinabwere.

N'chifukwa chake ndimati funsani dzina la moshav, mudzi wa ulimi umene mukupitako, musanasaine chilichonse. Ngati ili m'chigwa cha mtsinje wa Jordan, m'mbali mwa msewu wa 90 kumene kuli minda ya kanjedza wa Medjool, mwina muli kale ku Area C. Bwana anena kuti ndi Judea ndi Samaria, dziko la makolo ake. Wa m'mudzi woyandikana nawo anena kuti pamenepo pankadya nkhosa za agogo ake. Khoti la dziko lonse ku The Hague linanena mu Julayi 2024 kuti kukhala kwa Israel m'maderawa n'kosemphana ndi malamulo, ndipo Israel inakana. Ife a ku Thyolo ndi Mulanje nkhani ya munda woona ndi maso koma osaulima si yachilendo, kotero tisayerekeze kuti ndi yaing'ono.

Pamsewu yang'anani zinthu ziwiri. Nambala yachikasu ndi galimoto ya ku Israel, yoyera yolembedwa zobiriwira ndi ya ku Palestine. Chikwangwani chachikulu chofiira chikutanthauza kuti kutsogoloko ndi Area A. Chimaletsa nzika za Israel, koma inunso musakhotereko pofuna kugula zotchipa, pakuti pobwerera pali rodibuloko ndipo mudzafunsidwa pasipoti ndi viza yanu ya B/1. Pasipotiyo izikhala ndi inu, bwana alibe chilolezo chosunga. Pa rodibuloko manja azioneka, osajambula, osathamanga ngakhale basi ikukusiyani. Okutobala ndi Novembala, nyengo yokolola maolivi, ndi pamene ziwawa zimachuluka m'minda ya ku West Bank.

Tifike pa sayirini yochenjeza za mizinga, chifukwa apa ndi pamene anthu amalakwitsa. Dera lililonse lili ndi nthawi yake yothawira. Ku Sderot ndi midzi yoyandikana ndi Gaza ndi masekondi 15. Ku Tel Aviv ndi mphindi imodzi ndi theka. Kumalire a Lebanon kulibe nthawi, kulira ndi kugwa n'kamodzi. Ku Metula, kumalire komweko, pa 31 Okutobala 2024, Athai anayi ndi mlimi mmodzi wa ku Israel anaphedwa ndi mzinga m'munda wa zipatso.

Ikani apu ya Home Front Command, nthambi ya asilikali yochenjeza anthu wamba, Pikud HaOref m'Chihebri, ndipo muilole kudziwa pamene muli. Cholakwika chofala n'chakuti munthu wasamutsidwa famu koma apu ikulondabe dera lakale, kapena wathimitsa deta posunga bandulo. Chachiwiri, tsiku loyamba yendani wapansi kuchoka pamzere womaliza wa munda kukafika pobisalira, mukuwerenga masekondi. Mamad ndi chipinda cholimba cha m'nyumba, miklat ndi chobisalamo cha anthu onse, migunit ndi kabokosi kakonkire kamene amaika m'minda ndi poimira basi. Ngati kuwerenga kwanu kwaposa nthawi ya dera lanu, migunit imeneyo sikuthandizani. Gonani chafufumimba pomwe mulipo, manja kumutu. Kuimirira n'kumene kumapha, chifukwa tizitsulo timauluka chammbali. Greenhouse ndi pepala chabe, ndipo kalavani yogonamo ndi malata. Muli pa thirakitala, imani, tsikani, talikirani, gonani.

Sayirini ikaleka musadzuke. Dikirani mphindi 10. Iron Dome, chida cha Israel chowombera mizinga yobwera, ikaphulitsa mzinga m'mwamba, zidutswa zimagwa pambuyo pake, zina zazikulu ngati chitseko. Anthu amavulala apa, atatuluka kukajambula utsi woti aike pa WhatsApp. Ikakhala mizinga ikuluikulu yochokera ku Iran, ngati mu Juni 2025, foni imachenjeza kaye sayirini isanalire, ndipo simutuluka mpaka apu inene. Chachitsulo chilichonse mwachipeza m'mizere musachigwire, imbani 100 kupolisi. Ambulansi ndi 101, Home Front Command ndi 104.

Bwana akakutumani kumunda umene asilikali atseka, muli ndi ufulu wokana. Bungwe la Kav LaOved limathandiza antchito ochokera kunja pa nkhani zotere ndi za malipiro, ndipo kuyambira mu 2024 Malawi ali ndi ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Koma musathawe pafamu usiku osauza aliyense. Mukatero mwasokoneza viza, inshulansi yachipatala yapita, ndipo sayirini ikadzalira palibe adzadziwe kuti akufuneni kuti.

Sabata yamawa tiwerenga pepala la malipiro mzere ndi mzere. Nditumizireni anu, mutabisa dzina.