Makalata a omvera: sopo wakwera ndi zingati kwenikweni?

Takulandiraninso, omvera athu. Sabata yatha tinakamba za kukwera mitengo kwa sopo, mafuta odzola ndi mankhwala otsukira m'mano, ndipo makalata abwera. Yoyamba yachokera ku Ndirande, kwa mayi wina wa golosale. Akuti:

"Anthu akamanena kuti sopo sanakwere amangoona mtengo, osaona kulemera kwake. Tinene kuti sopo wosambira wa magalamu 200 anali pa K2,000. Lero akadali pa K2,000, koma pa pepala lake palembedwa magalamu 175. Gawani mtengo ndi magalamu, muchulukitse ndi 100. Poyamba magalamu 100 anali K1,000, lero ndi K1,143. Ndiye kuti wakwera ndi 14 peresenti mwakachetechete. Wofuna kutsata mitengo agule kope, azilemba tsiku, shopu, dzina la katundu, magalamu kapena mamililita ake, ndi mtengo. Shopu ikhale yomweyo, tsiku la mwezi likhale lomwelo. Mtengo wa pulomoshoni muziuika chizindikiro, apo ayi mwezi wotsatira mudzaganiza kuti katundu wakwera pomwe wangobwerera pamtengo wake."

Zikomo mayi, mwalongosola bwino. Ofesi yoona za chiwerengero ya National Statistical Office, yomwe likulu lake lili ku Zomba, imachitanso chimodzimodzi: mwezi uliwonse amatolera mitengo ya katundu yemweyo m'misika ndi m'mashopu a m'mizinda ndi kumidzi. Chimene ndiwonjezere ndi ichi. Katundu aliyense amapatsidwa mphamvu molingana ndi ndalama zomwe mabanja amawonongerapo, potengera kafukufuku wa m'makomo. Kuno kwathu chakudya chimatenga kuposa theka la dengu lonse la katundu amene amatolera mitengo yakeyo. Sopo, mswachi, lezala ndi mapadi zili m'kagawo kakang'ono. Choncho chimanga chikatsika nthawi yokolola, nambala ya kukwera mitengo ya dziko lonse imatsika, ngakhale mafuta odzola akukwerabe. Kope lanu ndilo lingakuuzeni zoona za pakhomo panu.

Yachiwiri yachokera ku Mzuzu, kwa bambo wometa tsitsi:

"Makina ometera ndi zowumitsira tsitsi sizitsatidwa ngati sopo, chifukwa sizigulidwa mwezi ndi mwezi, ndipo mitundu yake imasinthasintha. Musayerekeze makina a chingwe ndi otchaja. Otchaja amakwera mtengo chifukwa cha batire, ndipo ometa amawafuna chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Kusiyana kumeneko si kukwera mitengo, ndi katundu wina. Lembani nambala ya mtundu wa makinawo ndi mawatsi ake, zili pansi kapena pa katoni. Zoti muzilemba mwezi uliwonse ndi zomwe zimatha: malezala, sipiliti, mafuta a makina, paudala. Funso langa ndi ili: wailesi ikati kukwera mitengo kwatsika, bwanji m'shopu sitiona chotsika?"

Bambo, funso limeneli limasokoneza ambiri. Tinene kuti nambala yachoka pa 30 peresenti kufika pa 25. Sizikutanthauza kuti mitengo yatsika ayi. Chinthu chomwe chinali K10,000 mwezi ngati uno chaka chatha, lero chili K12,500 m'malo mwa K13,000. Chakwerabe, liwiro lokha ndilo lachepa. Muzimvetseranso ngati akuyerekeza ndi mwezi watha kapena ndi chaka chatha, poti nambala ziwirizi n'zosiyana.

Pa makinawo, kumbukirani kuti amachokera kunja, ndiye amatsata dola. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi. Zikatere shopu ina imagulitsabe katundu wakale pamtengo wakale, ina yasintha kale, n'chifukwa chake ndi bwino kulemba mitengo ya mashopu atatu n'kutenga wapakati. Ngakhale sopo wopangidwa konkuno amakhudzidwa, poti mafuta opangira ambiri amaitanitsidwa kunja. Ndipo pofuna kudziwa mtengo wometera mutu umodzi, gawani mtengo wa makina ndi miyezi yomwe amagwira ntchito asanawonongeke, muphatikize ndi zomwe zimatha zija, kenako mugawe ndi mitu yomwe mumameta pamwezi.

Kalata ya ku Mangochi yokhudza mayunitsi a magetsi tidzaiwerenga sabata yamawa.